Mlimi akuwerenga mtengo wa botolo, udzu ukuchulukitsa njere

Pakatha masabata awiri chipopereni mankhwala opha udzu, munda umayenera kukhala utafiira, udzu wonse utagona. Koma alimi ambiri m'mayiko osiyanasiyana akumapeza zina. Udzu wambiri wafa ndithu, koma apa ndi apo patsala timagulu tobiriwira, tili chiimire ngati sitinalawe kanthu. Mlimi amayamba wakayikira botolo, kuti mwina amugulitsa mankhwala achinyengo. Kenako amakayikira amene anapopera, amakayikira mpope, amakayikira mvula imene inagwa madzulo a tsikulo. Nthawi zambiri amakhala akulondola, pakuti mankhwala amalephera pa zifukwa zambiri. Koma ngati udzu wa mtundu womwewo wafa mbali zonse n'kutsala timagulu timeneti, ndipo chaka chatha unatsalanso pamalo omwewa, nkhani yake ndi ina. Udzuwo wasiya kumva mankhwala.

Chimene mlimi amachita akafika pamenepa ndicho chandilembetsa ndemanga ino. Ambiri amabwerera kwa wogulitsa kukafunsa mankhwala amphamvu kuposa aja, kapena amawonjezera mlingo. Funso lawo limakhala limodzi: lita imodzi ndi ndalama zingati, ndipo ikwana malo aakulu bwanji? Ine ndikuti funso limeneli ndi lomwe latifikitsa pano. Mankhwala akatchipa amatinyenga kuti tizipopera omwewo chaka ndi chaka, akakwera mtengo amatinyenga kuti tiwasungunule mopitirira muyezo. Njira zonse ziwirizi zimalera udzu wosamva mankhwala. Ndalama zolimbana ndi udzu tiyenera kuziyeza ndi kuchuluka kwa njere zimene zagwera m'nthaka pakutha pa nyengo, ndipo gawo lina la ndalamazo lichoke ku botolo lipite ku ntchito zoletsa njerezo kugwa.

Anthu ena amaganiza kuti udzu umazolowera mankhwala pang'onopang'ono, monga thupi limazolowerera ntchito yolemetsa. Si mmene zimayendera. Pakati pa zomera mamiliyoni ambiri za mtundu umodzi, pamakhala chimodzi kapena ziwiri zimene zinabadwa zosiyana pang'ono ndi zinzake, ndipo kusiyana kumeneko kumazithandiza kupulumuka. Mankhwala amangosesa zinzake zonse n'kuzisiyira munda wonse, dzuwa lonse, feteleza yense. Zimabereka, ana ake amatengera chibadwa chomwecho, mlimi amabweranso ndi botolo lomwe lija n'kusesanso ofooka. Zaka zoyamba palibe amene amaona kanthu. Pamene kagulu kaja kayamba kuonekera ndi maso, m'nthaka mumakhala mutadzaza kale njere zake.

Izi si zachilendo. Mu 1957 ku Ontario, m'dziko la Canada, anapeza karoti wakutchire amene sankafa ndi mankhwala a 2,4-D. Mu 1970 kunatuluka lipoti la chomera chotchedwa Senecio vulgaris ku Washington, m'dziko la America, chimene chinasiya kumva mankhwala a simazine ndi atrazine. Lero kaundula wa padziko lonse wa udzu wotere, amene wasayansi Ian Heap wakhala akuyang'anira kwa zaka zambiri, ali ndi mitundu ya zomera yoposa 250 m'mayiko oposa 70. Ngakhale chisoso chili m'kaundulayo: ku Brazil chinasiya kumva gulu lina la mankhwala m'minda ya soya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Koma nkhani imene imaonetsa bwino mmene mtengo umasokonezera nzeru za mlimi ndi ya glyphosate. Kampani ya Monsanto inayamba kugulitsa mankhwalawa mu 1974 pa dzina la Roundup. Anali mankhwala abwino zedi, ndipo tisachite manyazi kunena zimenezo. Amapha pafupifupi chomera chilichonse mpaka kumizu, ndipo sakhalitsa ndi mphamvu m'nthaka moti mlimi atha kubzala patangopita masiku ochepa. Mu 1996 kunabwera soya wosinthidwa chibadwa amene safa ndi glyphosate, kenako thonje ndi chimanga. Tsopano mlimi ankatha kupopera pamwamba pa mbewu zake, udzu n'kufa, mbewu n'kutsala. Mu 2000 chilolezo choti Monsanto yokha ndiyo izipanga mankhwalawa chinatha ku America, makampani ena analowamo, mtengo unatsika kwambiri. Ndani akanadzivutitsa ndi mankhwala atatu kapena anayi, ndi kulima pakati pa mizere, pamene botolo limodzi lotchipa linkamaliza zonse? Minda yambirimbiri inayamba kulandira glyphosate yekha, kawiri kapena katatu pa nyengo, chaka chilichonse. Mu 1997 akatswiri a Monsanto analemba kuti n'zokayikitsa kuti udzu ungadzasiye kumva mankhwalawa. Pamene ankalemba zimenezo n'kuti ku Australia atapeza kale, mu 1996, udzu wa Lolium rigidum umene sunkafa nawo.

Chilango chenicheni chinagwera alimi a thonje a kum'mwera kwa America. Cha mu 2005 ku Macon County, m'chigawo cha Georgia, anatsimikiza kuti chomera chotchedwa Palmer amaranth, chimene ndi pachibale ndi bonongwe, chasiya kufa ndi glyphosate. Chomerachi n'choopsa ngakhale popanda zimenezi. Nyengo ikakhala yotentha chimatha kukula masentimita 5 kapena kuposerapo pa tsiku, chimatalika kuposa munthu, tsinde lake limanenepa mpaka kuwononga makina okololera. Chachimuna ndi chachikazi zimamera padera, kotero mungu umayenda ndi mphepo kuchoka munda wina kupita wina, ndipo chachikazi chimodzi chimabereka njere mazana a zikwi. Mmene chinagonjetsera mankhwalawa n'zochititsa chidwi. Glyphosate amapha chomera pomanga puloteni ina yotchedwa EPSPS, imene chomera chimafunika kuti chipange chakudya chomangira thupi lake. Mu 2010 ofufuza anapeza kuti Palmer amaranth wa ku Georgia anachulukitsa malangizo a mu DNA opangira puloteniyi, zomera zina mpaka kuposa maulendo 100. Puloteni imachuluka moti mankhwala amatha yonse isanamangidwe. Pa chomera choterechi, kuwonjezera mlingo n'kutaya ndalama chabe.

Zotsatira zake zinali zakuti alimi amene anali ndi mathirakitala akuluakulu ndi makina opopera amakono anayamba kulemba anthu aganyu oti aziyenda m'mizere ya thonje ndi makasu, kuzula udzu ndi manja n'kuutulutsa m'munda. Ndalama zogulira mankhwala zinawirikiza, chifukwa tsopano ankafunika ena opopera asanabzale, ena pobzala, ena mbewu zitamera. Ena anabwerera ku pulawo imene anali ataisiya. Kutchipa kwa glyphosate kwa zaka khumi zija kunali ngongole imene palibe anaisainira, ndipo inabwera kudzatengedwa ndi chiwongoladzanja chake.

Ku England nkhani ndi yomweyi, udzu wake ndi wina. Kumeneko mdani wa alimi a tirigu ndi udzu wotchedwa blackgrass, umene unayamba kupezeka wosamva mankhwala mu 1982. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020 anawerengera kuti vutoli limadyera dzikolo mapaundi pafupifupi 400 miliyoni ndi matani a tirigu pafupifupi 800,000 chaka chilichonse, ndipo ngati mankhwala atalephereratu, chiwerengerochi chingafike mapaundi 1 biliyoni. Wina asaganize kuti awa ndi mavuto a eni minda ikuluikulu okha. Ku Haryana, m'dziko la India, alimi a minda yaing'ono amene amalima mpunga ndi tirigu mosinthana anadalira mankhwala a isoproturon kwa zaka zambiri polimbana ndi udzu wa Phalaris minor. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mankhwalawo anasiya kugwira ntchito, ndipo alimi ena anafika podula tirigu wosakhwima n'kudyetsa ziweto. Anawabweretsera mankhwala atsopano okwera mtengo, ndipo patapita zaka zingapo udzu uja unayamba kupulumukanso kwa amenewo.

Tsopano tiyang'ane mbali inayo, pamene mankhwala akwera mtengo. Mu 2021 ndi 2022 mtengo wa glyphosate unakwera kuwirikiza kawiri, malo ena kuposa pamenepo. Gawo lalikulu la mankhwalawa limapangidwa ku China, ndipo kumeneko mafakitale anachepetsa ntchito chifukwa cha kuchepa kwa magetsi ndi zipangizo. Mu Ogasiti 2021 namondwe Ida anaimitsa fakitale yaikulu yopanga glyphosate ya kampani ya Bayer ku Luling, m'chigawo cha Louisiana ku America. Mlimi amene thumba lake lili lopyapyala amachita chiyani zinthu zikatere? Botolo limene linayenera kukwana hekitala imodzi amalikoka kuti likwane imodzi ndi theka. Kapena amadikira kuti udzu wonse umere kaye kuti apopere kamodzi kokha, ndipo pofika tsikulo udzu umakhala utakula moti mlingo wolembedwa pabotolo sungauphe. Sindikumunyoza mlimi ameneyu. Akuyesetsa kuti ndalama zochepa zigwire ntchito yaikulu. Koma ayenera kuuzidwa chimene ofufuza awiri, Paul Neve ndi Stephen Powles, anaonetsa ku Australia mu 2005. Anatenga udzu wa Lolium rigidum umene unkafa bwinobwino ndi mankhwala a diclofop, n'kuupopera mlingo wochepa. Umene unapulumuka anausiya kuti uberekane, ana ake n'kuwapoperanso mlingo wochepa. Pakutha pa mibadwo itatu yokha anali ndi udzu umene sunkafa ngakhale ndi mlingo wokwanira.

Chifukwa chake n'chomveka. Mlingo wokwanira umapha chomera chilichonse kupatula chija chosowa kwambiri chimene chinabadwa ndi chitetezo champhamvu. Mlingo wochepa umasiya zomera zambiri zimene zili ndi chitetezo chochepa chosiyanasiyana, ichi chochedwetsa mankhwala kulowa m'tsamba, icho chowaphwanya msanga pang'ono. Zikaberekana, ana amasonkhanitsa tizitetezo tonseti m'thupi limodzi. Choipa kwambiri n'chakuti chitetezo cha mtundu umenewu, chophwanya mankhwala m'kati mwa chomera, sichisankha. Chimatha kuphwanyanso mankhwala ena amene mundawo sunawalandirepo n'kale lonse. Mpope wosayezedwa bwino, kamwa ya mpope yotha, madzi amatope amene amafooketsa glyphosate, mankhwala achinyengo osungunulidwa kale, zonsezi zimafikitsa pa tsamba mlingo wochepa ngakhale mlimi atayeza molondola. Amene amagulitsa mankhwala achinyengo amabera mlimi kawiri, lero pa ndalama ndiponso mawa pa munda.

Makampani ali ndi yankho lawo, ndipo ndi yankho limene limagulitsa mabotolo ambiri: mbewu zopirira mankhwala awiri, atatu kapena anayi nthawi imodzi. Cha mu 2015 ndi 2016 ku America kunafika soya ndi thonje zopirira dicamba, mankhwala akale a m'ma 1960 amene ali ndi khalidwe loipa louluka kukatentha n'kukatera m'minda ya eni. Mu 2017 mokha, maekala a soya pafupifupi 3.6 miliyoni anawerengedwa kuti awonongeka ndi dicamba wochokera kwa anansi. Chaka cha 2016 mlimi wina wa ku Arkansas anaphedwa ndi mfuti pa mkangano wa nkhani yomweyi. Makhothi anathetsa chilolezo chopopera mankhwalawa pamwamba pa mbewu kawiri konse, mu 2020 ndi mu 2024. Nanga udzu? Pofika 2020 ofufuza a ku Tennessee anali atatsimikiza kale Palmer amaranth wosamva dicamba. Ku Missouri, mu 2018, anapeza m'bale wake wotchedwa waterhemp amene sankafa ndi magulu asanu ndi limodzi a mankhwala.

Pali amene anganditsutse kuti kusakaniza mankhwala kumathandiza, ndipo ali ndi umboni. Kafukufuku wa minda yoposa 100 ku Illinois, m'dziko la America, anaonetsa kuti minda imene inkalandira mankhwala a magulu angapo osakanizidwa pa kupopera kumodzi inachedwa kwambiri kukhala ndi waterhemp wosamva glyphosate kusiyana ndi imene inkangosinthanitsa mankhwala chaka ndi chaka. Ndikuvomereza, ndipo mlimi amene akupopera ayenera kutero, bola mankhwala onse ali m'thankimo akhale akuphabe udzuwo paokha, aliwonse pa mlingo wake wokwanira. Kusakaniza mankhwala amene anafa kale mphamvu ndi ena amoyo n'chimodzimodzi kupopera amodzi okha. Koma ofufuza a ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi, ndi anzawo, atayendera minda yambiri ya tirigu ku England, anapeza zimene ogulitsa sakonda kutchula. Chimene chinkasonyeza kwambiri kuti munda uli ndi blackgrass wosamva mankhwala chinali kuchuluka kwa mankhwala amene mundawo unalandira m'zaka zapitazo. Ndipo minda imene inkasakaniza kwambiri inali ndi udzu wochuluka wa chitetezo chija chosasankha. Kusakaniza kumachedwetsa tsoka, ndipo zaka zimene kumatigulira tiyenera kuzigwiritsa ntchito pochita zina.

Pano ndipatuke pang'ono kunena kanthu kamene kamandipweteka mtima. Alimi ambiri amakhulupirira kuti asintha mankhwala pamene angosintha dzina la pabotolo. Glyphosate yekha amagulitsidwa ndi mayina ambirimbiri. Dicamba ndi 2,4-D ndi mayina awiri, koma amapha chomera m'njira yofanana ndipo ali m'gulu limodzi. Kuyambira mu 2020 pali dongosolo la padziko lonse loika manambala pa magulu amenewa: glyphosate ndi gulu 9, atrazine gulu 5, dicamba ndi 2,4-D gulu 4, paraquat gulu 22. Nambala imeneyi iyenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu kutsogolo kwa botolo lililonse, kulikonse kumene mankhwala akugulitsidwa, ndipo wogulitsa amene satha kuifotokoza sayenera kukhala ndi chiphaso. Boma lililonse lingalamule zimenezi popanda kuwononga ndalama zambiri.

Tisayembekezenso kuti kubwera mankhwala atsopano odzatipulumutsa msanga. Kwa zaka pafupifupi 30, kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, panalibe gulu lalikulu latsopano la mankhwala opha udzu limene linafika pamsika. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi glyphosate yemweyo, amene anatchipa kwambiri moti makampani anaona kuti kufufuza ena n'kutaya ndalama. Kutulutsa mankhwala amodzi atsopano kumadya madola pafupifupi 300 miliyoni ndi zaka zoposa 10. Makampani nawonso achepa: Bayer inagula Monsanto mu 2018, ChemChina inagula Syngenta mu 2017, Dow ndi DuPont anaphatikizana n'kubala Corteva. Pali mankhwala angapo atsopano amene akulengezedwa tsopano, ndipo ndi olandiridwa. Koma adzabwera ndi mtengo wa chinthu chatsopano, ndipo tikadzawagwiritsa ntchito monga tinachitira ndi glyphosate, sadzakhalitsa.

Wina atha kuganiza kuti ndikufuna kuti tonse titaye mipope tibwerere ku khasu. Ayi ndithu. Amene amanena zimenezo mopepuka sanawerame m'munda tsiku lonse dzuwa lili pamutu. M'mayiko ambiri kupalira ndi ntchito imene imadya nthawi yochuluka kuposa ina iliyonse pa ulimi wa banja, ndipo nthawi zambiri imagwera amayi ndi ana. Kupalira kukachedwa masabata ochepa oyambirira, zokolola zimatsika moti palibe feteleza angazibweze. Mankhwala opha udzu ndi amenenso anatheketsa ulimi wosatembenuza nthaka pa mahekitala mamiliyoni ambiri ku Brazil, Argentina, Australia ndi kwina, ndipo nthaka yambiri imene ikanakokoloka inatsala pamalo pake. Ndikulankhula motere chifukwa ndikufuna kuti mankhwalawa adzagwirebe ntchito zaka 20 zikubwerazi. Amene amawakonda kwambiri ndiye ayenera kukhala woyamba kuwapumitsa.

Njira imene yaonetsa zipatso ndi yoyang'ana njere. Alimi a kumadzulo kwa Australia anafika pa mfundoyi msanga chifukwa anali atapanikizika kuposa wina aliyense. Lolium rigidum anabzalidwa dala kumeneko ngati msipu wa nkhosa, kenako minda itasanduka ya tirigu, udzuwo unasanduka mdani wokhala ndi njere zosawerengeka, ndipo unagonjetsa gulu la mankhwala pambuyo pa linzake. Alimi anazindikira kuti pa nthawi yokolola njere zambiri za udzuwu zimakhala zikadali pa ngala zake, zimalowa m'makina okololera pamodzi ndi tirigu, ndipo makinawo amaziulutsira kumbuyo ndi mankhusu n'kuzifesa bwinobwino munda wonse. Mlimi wina wa ku Darkan, Ray Harrington, anatenga chigayo cha mtundu umene amaphwanyira malasha n'kuchikonza kuti chiziphwanya mankhusu otuluka m'makinawo. Atachiyesa pamodzi ndi ofufuza a pa University of Western Australia, anapeza kuti chimawononga njere zoposa 95 mwa 100 zilizonse zolowamo. Chinayamba kugulitsidwa cha mu 2012. Amene sangakwanitse chigayo amachita zotchipa: amaunjika mankhusu mu kamzere kamodzi kopyapyala kumbuyo kwa makina, kuti njere ziwolere pamodzi kapena zimere mothinana pamalo amodzi odziwika.

Nzeru imeneyi sifuna makina kuti igwire ntchito. Mlimi wa munda waung'ono amene amayenda m'munda mwake mbewu zikamacha, kuzula udzu wopulumuka usanakhwimitse njere n'kuutulutsa kunja, akuchita zomwezo zimene chigayo cha Harrington chimachita. Vuto n'lakuti ambiri amasiya kulimbana ndi udzu mbewu zikangotseka mizere, poti udzu wa mochedwa sutsitsanso zokolola za chaka chimenecho. N'zoona kuti suzitsitsa. Koma ndiwo umafesa udzu wa zaka zikubwerazo, ndipo ngati unapulumuka ku mankhwala, ndiwo mbewu yeniyeni ya vutoli. Ofufuza a ku Arkansas anayesa kumwaza njere 20,000 za Palmer amaranth wosamva glyphosate pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, m'minda ya thonje imene inkalandira glyphosate yekha. Njerezi n'zochepa poyerekeza ndi zimene chomera chimodzi chachikulu chimabereka. Pakutha pa zaka zitatu udzuwo unali utadzaza pafupifupi munda wonse. Nkhani yabwino ndi yakuti njere za Palmer amaranth, za blackgrass ndi za Lolium sizikhalitsa m'nthaka. Zambiri zimafa pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Mlimi amene waletsa njere zatsopano kugwa kwa zaka zimenezo amaona munda wake ukupepuka, ndipo ndi pamene ndalama za mankhwala zimayamba kutsika zenizeni.

Zina zonse zimene alangizi amanena zimathandiza pa mfundo yomweyi. Kasinthasintha wa mbewu amasokoneza udzu umene unazolowera kumera ndi kukhwima pamodzi ndi mbewu imodzi, ndiponso amatsegula mpata wa magulu ena a mankhwala. Ku England anapeza kuti kusiya tirigu wobzala nyengo yozizira isanayambe n'kubzala mbewu ya nyengo yozizira itatha kumachepetsa blackgrass ndi pafupifupi 88 pa 100, ndipo kutembenuza nthaka ndi pulawo kumamuchepetsa ndi pafupifupi 69 pa 100. Kutembenuzako kumathandiza kukachitika kamodzi pa zaka zingapo, chifukwa kukachitika chaka chilichonse kumangobweza pamwamba njere zimene zinakwiriridwa. Ku India alimi anapeza kuti kubzala tirigu msanga popanda kugalauza nthaka kumachepetsa kumera kwa Phalaris minor. Mizere yoyandikana, mbewu zophimba nthaka, mapesi osiyidwa pamwamba, zonsezi zimamana udzu kuwala. Palibe imodzi mwa njirazi imene imapha udzu mmene botolo labwino limaphera. Mphamvu yake ili pa kuziphatikiza, ndipo udzu ukachepa, mwayi woti pakati pake pakhale chomera chija chosowa umachepanso.

Ndiyenera kunena chilungamo: njirazi zili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umabwera lero pamene phindu limabwera mawa. Mbewu yosinthira mwina ilibe msika wabwino. Kuzula udzu wa mochedwa kumafuna anthu pa nthawi imene aliyense watopa. Ndipo pali alimi amene masamu amenewa sawakomera ngakhale pang'ono. Wobwereka munda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri alibe chifukwa cholipirira ntchito imene adzadyerere ndi wina. Mlimi wosamala amene mnansi wake sasamala amalandirabe mungu ndi mphepo, njere ndi madzi osefukira, ndi makina obwereka amene akolola munda wodzala udzu dzulo lake, ndi manyowa, ndi mbewu zosayeretsedwa. Palmer amaranth anapezeka ku South Africa mu 2018, kutali kwambiri ndi kwawo. Kufa kwa udzu ukapoperedwa ndi chuma cha alimi onse a dera, ndipo aliyense amene amachiwononga amawonongera anzake.

N'chifukwa chake ndimakana ndikamva kuti vutoli ndi la mlimi payekha, kuti angophunzitsidwa basi. Eni minda yobwereketsa alembe m'mgwirizano kuti udzu wopulumuka uzichotsedwa usanabereke, ndipo apereke zaka zokwanira kuti wobwereka adye phindu la khama lake. Eni makina obwereketsa aziyeretsa makinawo asanalowe m'munda wina. Mlimi akhale ndi kumene angatumize njere za udzu umene akuukayikira kuti ukayezedwe, asanawononge ndalama pa botolo lachiwiri ndi lachitatu longoyerekeza. Ndipo pakhale alangizi amene malipiro awo sadalira kuchuluka kwa malita ogulitsidwa. M'madera ambiri munthu yekhayo amene amalangiza mlimi za udzu ndi amene akumugulitsa mankhwala. Ambiri a iwo ndi anthu oona mtima, koma sitingayembekeze kuti munthu azilimbikitsa kasitomala wake kugula zochepa. Zoti kugwirizana kumatheka zinaoneka ku Minnesota, m'dziko la America. Boma la chigawocho linali litaika kale Palmer amaranth pa mndandanda wa zomera zoyenera kuthetsedwa, ndipo atapezeka mu 2016, atalowa kudzera m'njere za udzu ndi maluwa zobzala posamalira chilengedwe, akuluakulu, ofufuza ndi eni minda analondola malo onse amene njerezo zinabzalidwa, kuzula, kutentha, n'kumabwererako zaka zotsatira. Pamalo oyambirirawo udzuwo sunakhazikike.

Masiku ano kukutchuka makina okhala ndi makamera amene amazindikira udzu n'kupopera pokhapo pamene pali chomera, monga See & Spray wa kampani ya John Deere. Amachepetsa malita ndipo amapulumutsa ndalama kwa amene angawakwanitse, zimenezo n'zabwino. Koma chomera chimene chapoperedwa chimalandira mankhwala omwe aja, ndipo ngati chili chosamva chimapulumuka chimodzimodzi. Ndalama zimene makinawa apulumutsa zikangolowa m'thumba, palibe chasintha. Zikapita kukalipira gulu lina la mankhwala pa mlingo wokwanira, kapena anthu oyenda m'munda kuzula zotsala, pamenepo makinawo athandizadi.

Kwa mlimi amene chaka chino waona timagulu tobiriwira tija, ntchito yoyamba si ya kwa wogulitsa. Aike chizindikiro pamalopo, alembe gulu la mankhwala amene anapopera ndi tsiku lake, azule udzuwo usanachite maluwa kapena njere zisanakhwime, autulutse m'munda, pakuti Palmer amaranth ndi abale ake amatha kugwiranso mizu akasiyidwa pansi pa chinyezi. Pokolola, malo amenewo akhale omaliza, ndipo makina kapena zida ziyeretsedwe zisanapite kwina. Auzenso anansi ake, ngakhale kuti palibe mlimi amakonda kudziwika kuti munda wake ndi umene wayambitsa. Chaka chamawa pamalopo pafunika mbewu ina kapena gulu lina la mankhwala, ndipo pafunika kuyenderedwa kawiri kapena katatu kufikira nthawi yokolola.